Kodi kutcheza kachasu kuli ndi phindu?

Achemwali, mwafunsa ngati kutcheza kachasu kungakuthandizeni kulipirira ana sukulu. Ine ndinatcheza kwa zaka zingapo kuno ku Chipata. Ndalama imabweradi mwachangu, makamaka anthu akagulitsa mbewu, ndipo gaga ndi shuga sizivuta kupeza.

Koma ntchitoyi imadya thupi. Mumadzuka tambala asanalire, kusonkhezera moto pansi pa dramu, kusintha madzi ozizira kuti paipi idonthe bwino, utsi uli m'maso tsiku lonse. Moto ukachuluka pang'ono, phala limasefukira mu botolo, shuga yense wapita. Ndiye ongongola! Amene amatamanda mutu wa kachasu, waukali woyamba kudontha uja, ndi omwewo osalipira.

Komanso lamulo la Zambia sililola kachasu. Apolisi akabwera amatenga dramu ndi mowa womwe. Ine ananditengera kawiri, ndipo pano ndimagulitsa tomato pamsika.