Chaka chino lembani kaundula, kugula kuyambe kwadikira

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: cholinga choti mudziikire chaka chino pa ndalama zanu zachiroma, zomwe mwati zakwana pafupifupi 150, zambiri zamkuwa ndi zina zasiliva, komanso zimene mungachite kuti ana anu ku Britain komwe muliko ndi abale kumudzi asadzazitaye kapena kuzigulitsa motchipa inu kulibe. Ine ndikuona kuti funso lachiwirilo ndiye liyenera kutsogolera loyambalo. Ambiri m'gulu muno akuuzani za ndalama zoti muonjezere. Ine ndikuti ntchito yaikulu ya chaka chino ikhale kulemba, chifukwa zonse zimene mumadziwa za ndalamazo zili m'mutu mwanu, ndipo mutuwo sudzalowa nawo m'bokosi limene ana adzatsegule.

Yambani ndi kaundula. Ndalama iliyonse ipatseni nambala yakeyake, nambalayo ilembedwe pa kaenvelopu kake, m'kaundula ndi pa dzina la chithunzi chake. Pansi pa nambalayo lembani mfumu ndi zaka zake, mtundu wa ndalamayo, kaya ndi denarius, sestertius, antoninianus kapena follis, chitsulo chake, kulemera kwake, kukula kwake m'mamilimita, mawu onse akumaso ndi akumbuyo monga akuonekera, ndi timalemba tosonyeza mzinda umene inasulidwira. Pa ndalama zamkuwa za nthawi ya mfumu Constantine timalembati timakhala kumbuyo, m'munsi mwa kamzere: PLN kapena PLON ndi London, TR ndi Trier, SIS ndi Siscia, ALE kapena SMAL ndi Alexandria. Kenaka ikani nambala yake ya m'mabuku a RIC (Roman Imperial Coinage), mabuku ondandalika mitundu ya ndalamazi, omwe ogulitsa ambiri a ndalama za mafumu a Roma amagwiritsa ntchito. Mabukuwo ndi odula, koma American Numismatic Society inaika zambiri za m'menemo pa intaneti kwaulere, pa malo otchedwa OCRE. Pomaliza lembani kumene munaigula, tsiku lake ndi mtengo umene munalipira.

Mukamalemba ndalama zitatu pa mlungu, pa milungu 50 mudzakhala mutamaliza zonse 150. Musayambe ndi zosavuta. Yambani ndi zamtengo wapatali, kuti ngakhale ntchito itaimira panjira, zofunikazo zikhale zitalembedwa kale.

Pa kulemera musachite zongoyerekeza. Gulani sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 g, yokhala ndi kachitsulo koyesera ngati sikeloyo ikunena zoona. Sikelo ya kukhitchini siithandiza. Ndalama zakale ankazisula pamanja, choncho palibe ziwiri zofanana ndendende, ndipo kulemera pamodzi ndi chithunzi ndiye umboni woti ndalamayo ndi yanu ikabedwa n'kukapezeka pamsika. Kulemera kumaululanso zachinyengo. Denarius, ndalama yasiliva, ya nthawi ya mfumu Augustus imalemera pafupifupi 3.8 kapena 3.9 g, ndipo Nero atachepetsa muyezo m'chaka cha 64 inatsika kufika cha m'ma 3.4 g. Yokutha kwambiri imapepukako, inde, koma denarius yooneka yatsopano yolemera 2.5 g ndiyofunika kuikayikira. Mwina ndi yamkuwa yokutidwa ndi siliva, imene akuba a nthawi imeneyo ankapanga, kapena ndi youmbidwa m'chikombole posachedwapa. Yang'anani m'mbali mwake ndi galasi lokuza kakhumi: kamzere kozungulira ngati msoko, timaenje tozungulira ngati thovu, ndi zilembo zofewa ngati zasungunuka, zonsezi ndi zizindikiro za chikombole. Iliyonse imene mukuikayikira lembani poyera m'kaundula kuti mukuikayikira. Mukabisa, mwana wanu ndi amene adzachite manyazi kwa wogula.

Tsopano za mapepala, zomwe ambiri amazipeputsa. Risiti, imelo ya wogulitsa, tsamba la katalogu ya okushoni, ngakhale katikiti kakale kothimbirira kolembedwa pamanja ndi munthu amene anali mwini ndalamayo inu musanaigule, musataye ngakhale chimodzi. Katikiti kotero nthawi zina ndiko kamakweza mtengo kuposa kukongola kwa ndalamayo. Chifukwa chake n'chakuti malamulo akunka nakhwima. Pangano la UNESCO loletsa kuzembetsa zinthu zamakedzana ndi la 1970, ndipo chaka chimenecho chinasanduka malire amene nyumba zosungira zakale ndi ogula osamala amayang'ana. United States inaika ziletso pa mitundu ina ya ndalama za ku Cyprus mu 2007 ndi za ku Italy mu 2011, ndipo Germany inakhwimitsa lamulo lake mu 2016. Kumbukirani ndalama yagolide ya Brutus yolembedwa EID MAR, yokumbutsa kuphedwa kwa Julius Caesar: inagulitsidwa ku London mu 2020 pa mapaundi opitirira 3 miliyoni, kenaka zinadziwika kuti mbiri ya kumene inachokera inali yopeka, ndipo mu 2023 inabwezedwa ku Greece. Zanu sizifika pamenepo, koma funso limene ana adzafunsidwe ndi lomwelo: bambo anu anaitenga kuti, liti? Jambulani mapepala onse, kope imodzi ikhale pa kompyuta, ina isindikizidwe n'kusungidwa m'nyumba ina.

Za kasungidwe ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimaonongeka mwakachetechete mwini wake ali moyo. Ngati zili m'timatumba tapulasitiki tofewa, tonunkha ngati chidole chatsopano, zichotseni mwezi uno. Pulasitiki ameneyo ndi PVC, ndipo mankhwala amene amamufewetsa amatuluka pang'onopang'ono n'kusiya zomata zobiriwira zimene zimadya chitsulo. Zomatazo zimachoka ndi acetone weniweni, osati uja wochotsera utoto wa m'zikhadabo, yemwe amakhala ndi mafuta ndi zonunkhiritsa. Viikani ndalamayo m'kabotolo kagalasi kwa mphindi zingapo, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto. Kenaka ikani m'timaenvelopu tapepala topanda asidi kapena m'timatumba touma ta Mylar. Mphira womangira asayandikire siliva chifukwa sulufule wake amadetsa. Bokosi la mtengo wa oak nalo ndi loipa, limatulutsa asidi. Makabati a ndalama kuyambira kale amapangidwa ndi mahogany pa chifukwa chomwechi.

Mdani wamkulu wa zamkuwa ndi chimene osunga ndalama amachitcha bronze disease. Mchere wa chloride umene unalowa m'chitsulo ndalamayo ili m'nthaka ukakumana ndi chinyezi ndi mpweya umapanga asidi, asidiyo amadya mkuwa n'kupanganso mchere wina, ndipo zimangozungulira choncho mpaka ndalamayo itabooka. Musasokoneze ndi khungu lobiriwira lolimba, losalala, limene ndalama zambiri zakale zili nalo. Limenelo ndi lofunika ndipo ogula amalilipira. Matendawa amaoneka ngati ufa wobiriwira motuwa, ndipo mukaukhudza ndi kamtengo kotokosera mano umayoyoka n'kusiya kadzenje. Mukaupeza, ipatuleni ndalamayo, chotsani ufawo ndi kamtengo komweko, iviikeni m'madzi a distilled, omwe ndi ochotsedwa michere, n'kumawasintha masiku angapo alionse kwa milungu ingapo. Madzi a pampopi ayi, ali ndi chlorine ndi michere ina. Zikakanika, ena amagwiritsa mankhwala otchedwa sodium sesquicarbonate, magalamu 5 m'madzi okwana 100 ml, koma dziwani kuti angathe kusenda khungu labwino lija, choncho yang'anani tsiku ndi tsiku ndipo musayambire pa ndalama imene mumaikonda. Yamtengo wapatali ipite kwa katswiri. Ikauma bwinobwino isungeni payokha miyezi ingapo muone ngati ufawo ukubwerera. Musaipake phula matendawa asanathe, mungotsekera chinyezi m'kati. M'bokosi lonse ikani silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo yesetsani kuti chisapitirire 40 peresenti. Nyumba zambiri za ku Britain n'zachinyontho, ndipo ndalama zikadzapita kumudzi, nyengo yadzinja idzaziyesa koopsa.

Pachivundikiro cha bokosi lembani ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndalamazi zisatsukidwe. Izi ndikunenetsa. Munthu wachikondi akaona tizitsulo takuda amafuna kutikwecha monga timakwechera mapoto ndi mchenga ndi phulusa, kapena amatenga mandimu, viniga ndi polishi wa mkuwa. Pa mphindi zisanu khungu la zaka 1,700 limatha, ndipo mtengo umapita nalo osabwereranso. Lembaninso kuti azigwira m'mbali, pamwamba pa nsalu yofewa, chifukwa siliva wakale nthawi zina amakhala wofumbwa m'kati ndipo akagwa pa simenti amasweka.

Ngati mtima sukulolani kutha chaka osagula, gulani zochepa koma zokhala ndi mutu umodzi. Mafumu asanu otsatizana, Nerva, Trajan, Hadrian, Antoninus Pius ndi Marcus Aurelius, kuyambira 96 mpaka 180, ndi mutu wotheka pa chaka chimodzi. Nerva yekha ndi amene amavutirapo chifukwa analamula zaka zosakwana ziwiri. Za ma Caesar khumi ndi awiri oyambirira musazilonjeze pa chaka chimodzi, popeza mmodzi wa iwo, Otho, analamula miyezi itatu yokha m'chaka cha 69 ndipo ndalama zake n'zodula. Mutu wina umene ungakope ana ndi wa ndalama za ku Africa: za ku Carthage, za ku Alexandria, za Septimius Severus yemwe anabadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya la lero, ndi za ku Aksum m'dziko la Ethiopia la lero, kumene mfumu Ezana inayamba kuika mtanda pa ndalama m'zaka za m'ma 300. Ndalama zisanu zokhala ndi nkhani imodzi mwana amazisunga. Thumba la zosakanikirana amalipititsa kwa wogula woyamba.

Tifike kubanja. Afunseni anawo tsopano, mmodzimmodzi, ngati akuzifuna, ndipo yankho loti ayi mulilandire popanda kukhumudwa. Nthawi zambiri mwana amafuna ndalama imodzi kapena ziwiri zokumbukira bambo ake, osati bokosi lonse. Muloleni asankhe yekha, ndipo dzina lake mulilembe m'kaundula pa nambala imeneyo. Zotsalazo zigaweni patatu: zamtengo wapatali zoyenera kugulitsidwa imodziimodzi, zapakati, ndi zotchipa zimene zidzagulitsidwe pamulu. Musagawe powerenga mitu, kuti aliyense atenge makumi asanu, chifukwa denarius imodzi yabwino ingapose mtengo wa timkuwa makumi anayi ta banja la Constantine, ndipo mkangano umayambira pamenepo.

Mawu apakamwa sakwanira. Nkhani za chuma cha masiye tonse tikuzidziwa. Ndalamazi zitchulidwe mu wilo, ndipo wiloyo inene kumene kaundula ali. Ku England, ngakhalenso ku Malawi pansi pa lamulo lake la chuma cha masiye la 2011, wilo imayenera kulembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Mbonizo zisakhale anthu amene akulandirapo kanthu. Popeza muli ndi abale mbali ziwiri, muonane ndi loya kuti wilo ya mbali imodzi isafafanize ya mbali inayo. Pambali pa wilo lembani kalata ya tsamba limodzi, m'mawu osavuta: ndalama khumi zofunika kwambiri ndi ziti, mtengo wake woyerekeza ndi chaka chimene munayerekezera, mayina a ogulitsa awiri kapena atatu amene mumawakhulupirira, ndi mnzanu mmodzi wodziwa ndalama amene angawalangize popanda iye kukhala wogula.

M'kalatamo auzeni zoona za mitengo, kuti asadzaganize kuti akuberedwa pamene sakuberedwa. Ku okushoni wogula amalipira ndalama yoonjezera, kawirikawiri cha m'ma 20 peresenti kapena kupitirira, ndipo wogulitsa nayenso amadulidwa yake, choncho zimene munalipira inu si zimene iwo adzalandire. Wamalonda wogula pompopompo amapereka zochepa chifukwa nayenso akukagulitsa. Mitengo yeniyeni ya ndalama zofanana angathe kuiona pa intaneti, pa acsearch kapena CoinArchives, pomwe pali zotsatira za maokushoni akale. Asapite kwa ogula golide ndi siliva pa sikelo: solidus yagolide imalemera pafupifupi 4.5 g, ndipo iwo adzalipira magalamu okhawo basi. Asathamangirenso kugulitsa m'masiku a maliro; apeze mitengo kwa anthu osachepera awiri.

Chinthu china chimene chimakola anthu ndi kutumiza kunja. Ndalama imene inafukulidwa m'nthaka ya Britain siituluka m'dzikomo popanda chilolezo cha Arts Council England, ngakhale ikhale yotchipa chotani. Ngati mwa zanuzo muli zimene munagula kwa anthu ofufuza m'minda ndi makina, ziikeni chizindikiro m'kaundula, pamodzi ndi nambala yake ya Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolembetsa zakale zimene anthu apeza m'nthaka, ngati inalembetsedwa, kuti wopita nazo ku Lilongwe m'chikwama asadzagwidwe pa bwalo la ndege asakudziwa mlandu wake. Funsaninso a inshuwalansi ya nyumba yanu, chifukwa ambiri amaika malire otsika pa ndalama zosonkhanitsa pokhapokha mutazitchula padera, ndipo adzafuna kaundula yemweyo ndi zithunzi zake. Zithunzi zimene mumaika m'gulu muno zisamaonetse nyumba kapena malo amene bokosi limakhala, ndipo munthu mmodzi wamkulu m'banja adziwe kumene kuli kiyi ndi mawu achinsinsi otsegulira kaundula wa pa kompyuta.