Mwana wa maso a buluu pamene makolo onse ali ndi maso a bulawuni

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti iye ndi mwamuna wake ali ndi maso a bulawuni, koma mwana wawo wa miyezi inayi ali ndi maso a buluu, moti apongozi ayamba kufunsa mokuluwika kuti mwanayo anatengera yani. Akufuna kudziwa ngati zimenezi zimachitika.

Mayi, zimachitika ndithu. Mtundu wa diso umadalira kuchuluka kwa melanin, chinthu chomwecho chimene chimadetsa khungu ndi tsitsi, m'kagawo kozungulira kamwana ka diso. Melanin ikachuluka diso limakhala la bulawuni, ndipo ikachepa kwambiri limaoneka la buluu, ngakhale kuti mulibe utoto wa buluu m'menemo. Kuwala kumangomwazika m'kagawoko monga mmene kumachitira kumwamba tsiku lopanda mitambo.

Kuchuluka kwa melanin kumalamulidwa ndi majini, tizinthu ta chibadwa timene mwana amalandira theka kwa mayi, theka kwa bambo (osati majini a mizimu aja). Awiri ofunika kwambiri ndi OCA2 ndi HERC2, omwe ali moyandikana pa kromozomu 15 (makromozomu ndi timaulusi ta m'thupi timene timanyamula majini), ndipo HERC2 ndi amene amauza OCA2 kuti agwire ntchito mwamphamvu kapena mofooka. Munthu wa maso a bulawuni atha kunyamula jini ya maso owala moyo wake wonse osadziwa, ndipo ikakumana ndi inzake yochokera kwa mnzake wa m'banja, mwana amatuluka ndi maso amene sanaonekepo kwa agogo ake onse anayi.

Zimene ambiri tinaphunzira kusukulu, zoti jini imodzi yokha ndiyo imagamula nkhaniyi, zinachokera kwa Charles ndi Gertrude Davenport a ku America mu 1907. Anaifewetsa mopitirira. Lero tikudziwa kuti majini okhudzidwa ndi ambirimbiri, moti ngakhale makolo awiri a maso a buluu nthawi zina amabereka mwana wa maso a bulawuni. N'chifukwa chake ndimadana ndi timatchati tapaintaneti tolosera maso a mwana. Pa nkhani ya bambo wa mwana, diso si mboni, ndipo chimene chingayankhe funsolo ndi kuyeza DNA basi.

Koma chimene ndikufuna muganizire kwambiri si mawu a apongozi. Maso a makanda ena amaderako m'chaka choyamba, choncho a mwana wanu angasinthebe. Pakati pa anthu akuda, maso a buluu ndi osowa, ndipo nthawi zina amabwera ndi vuto limene dokotala wa maso wa ku Netherlands, Petrus Waardenburg, analifotokoza mu 1951: maso a buluu wowala kwambiri kapena diso limodzi losiyana ndi linzake, kachigamba ka tsitsi loyera pachipumi, ndipo kwa ena kusamva. Palinso mitundu ya chialubino imene imaonekera kwambiri m'maso kuposa pakhungu.

Ndiye muyang'anitsitse. Mbale ikagwa kumbuyo kwake, kodi amadzidzimuka? Mukatuluka naye padzuwa, kodi amatsinzina kwambiri, kapena maso ake amanjenjemera uku ndi uku? Mukapita naye kusikelo mwezi uno, muwauze anamwino zimene mwaona ndipo mupemphe kuti amuyeze makutu ndi maso, chifukwa mwana wosamva bwino akadziwika msanga amathandizidwa nthawi yophunzira kuyankhula isanadutse. Ngati n'kotheka, bambo ake apite nawo kuti akamve okha.