Kodi magazi amene anamutenga mwana wanga pa kafukufuku anapita kuti?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti mwana wawo atagonekedwa ndi malungo anapemphedwa kuti alowe mu kafukufuku, iwo anasaina fomu, mwana anatengedwa magazi m'timabotolo, pano apongozi akuti magaziwo agulitsidwa kunja. Funso lawo ndi lakuti alipo amene amayang'anira zimenezi kapena madokotala amangochita zawo?

Alipo mayi. Kafukufuku wokhudza anthu kuno sayamba komiti isanavomereze, ina ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, ina ndi ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre, yodziwika kuti COMREC. Ndiponso malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amaletsa kuyesera za chipatala pa munthu iye asanalole.

Zoti magazi amapita kunja ndi zoona nthawi zina, tisanamizane, poti mayeso ena makina ake kulibe kuno. Koma sangowanyamula m'chikwama ayi, pamafunika pepala lotchedwa Material Transfer Agreement lonena labu yomwe akupita ndi zomwe akukayeza, ndipo pabotolo amamata nambala osati dzina la mwana.

Apongoziwo musawaseke. Tonse tikukumbukira za anamapopa mu 2017, ku Mulanje ndi Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera. Komanso mbiri ya kafukufukuyi ili ndi zipsera zake, mu 1951 ku chipatala cha Johns Hopkins ku America anatenga maselo a khansa a mayi wina dzina lake Henrietta Lacks osamufunsa, mpaka lero akugwiritsidwa ntchito m'malabu, abale ake anadzamva patadutsa zaka zoposa 20.

Chimene chimandivuta ine ndi nthawi yosainitsa. Mwana thupi lili moto, mayi mutu suli m'malo, wina akuwerenga masamba ambirimbiri, ndani angamve? Ambiri amangodinda chala poopa kuti akakana mwana sathandizidwa, pomwe kukana ndi ufulu wanu ndipo mankhwala mwana ayenera kulandirabe.

Ndiye fufuzani kope la fomu ija, amayenera kukupatsani lanu. Onani pomwe pakunena za kusunga magazi otsala, kawirikawiri pamakhala poti musankhe padera, inde kapena ayi. Bwererani kwa anamwino a kafukufukuwo muwafunse kuti asungidwa kuti, mpaka liti, ngati simukufuna auzeni kuti mwatuluka mu kafukufukuyo. Akakuzembani, kumapeto kwa fomuyo kumakhala nambala ya foni ya komiti, imbani kumeneko. Ngati anakupatsani ndalama ya thiransipoti musadandaule nayo, si mtengo wa magazi, sadzakuitanitsani.