Yankho kwa Achimwene a ku Mchinji: Kodi Nthawi ya Rebreather Yakwana?

Achimwene ena a ku Mchinji andilembera imelo kunena kuti akhala akusambira pansi pa madzi ndi silinda wamba kwa zaka zitatu, makamaka ku Cape Maclear akapeza tchuthi, ndipo akufunsa ngati nthawi yakwana yoti agule rebreather.

Achimwene, chimene chakukopanicho ndikuchidziwa. Ndi silinda wamba, mpweya wonse umene mwapuma umathawira pamwamba ngati thovu, chonsecho thupi langotapako okosijeni wochepa. Rebreather imabweza mpweya womwewo: umadutsa m'chitini cha timibulu ta soda lime timene timayamwa carbon dioxide, kenaka makinawo amawonjezera okosijeni amene wachepa. Mumakhalitsa pansi, mpweya wake umakhala wofunda, ndipo popeza palibe phokoso la thovu, mbuna za m'miyala ya ku Otter Point, ku Cape Maclear komweko, zimafika mpaka pagalasi la kumaso kwanu.

Komabe ine ndikuti musasinthe pakadali pano, ndipo chifukwa changa si mtengo wokha. Silinda wamba ikavuta mumadziwa nthawi yomweyo, pakuti mpweya umasiya kubwera kapena umangotuluka mosalekeza. Rebreather ikavuta mumapitiriza kupuma bwinobwino mpweya umene ungakupheni. Okosijeni akachepa munthu amakomoka popanda chenjezo, akachuluka amagwidwa ngati wakhunyu, ndipo zonsezi zimachitika ali pansi pa madzi. N'chifukwa chake makina ambiri amakhala ndi masensa atatu oyezera okosijeni, amene amafooka n'kumafunika kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo wosambira amayang'ana kompyuta ya pamkono pafupipafupi kuona ngati nambala yosonyeza mlingo wa okosijeni ili pa 1.3. Asanalowe m'madzi amakhala pansi mphindi zisanu akupuma m'makinamo, mphuno yotseka, kuti aone ngati zonse zikuyenda, ndiponso amanyamulabe silinda wamba yopulumukira.

Luso lotereli limafuna kulichita kawirikawiri, ndipo apa ndi pamene ife a ku Kasungu ndi Mchinji tiyenera kudziuza zoona. Nyanja tili nayo kutali. Munthu amene amasambira kawiri kapena katatu pachaka amaiwala, pamene soda lime ndi masensa ayenera kuitanitsa kunja, okosijeni weniweni ayenera kumufunafuna. Ngakhale kukhazikika pakati pa madzi mudzakuphunziranso, chifukwa kukoka mpweya sikudzakukwezaninso monga munazolowera.

Musinthe pamene ulendo umene mukufuna sungathekenso ndi masilinda, monga kupita kozama kwa nthawi yaitali kapena kujambula nsomba zamantha, komanso pamene mungathe kufika kunyanja mwezi ndi mwezi, muli ndi mphunzitsi wa mtundu weniweni wa makina amene mudzagulewo. Pakadali pano phunzirani nitrox, mpweya wa m'silinda wokhala ndi okosijeni wochulukirapo, imene idzakuzoloweretsani kuwerengera okosijeni.

Chinanso, nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene kwathu kuno tili kuposa mamita 1,000. Mukasambira mozama musanyamuke tsiku lomwelo kukwera kumtunda. Gonani kunyanja konko kuti nayitrojeni amene amalowa m'thupi munthu akakhala kozama ayambe watuluka.