Moni wa ku Germany si "muli bwanji" wathu uja

Mwana wa mchemwali wanga wapeza banja ku Stuttgart loti akalere ana ngati au pair, ndiye usiku wina ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Anti, ndikakatsika ndege ndikanene chiyani?" Ndamuyankha, koma ndati ndilembe kuti nanunso amene mwanyamula zikwama mumve, chifukwa ine ndinapunthwa pa moni penipenipo.

Choyamba, ndipo chimenechi n'chachikulu kuposa zonse: Sie ndi du. N'chimodzimodzi ndi "inu" ndi "iwe" wathu. Vuto ndi loti pophunzira A1, gawo loyamba la Chijeremani, pakamwa pamazolowera "du" chifukwa mumayeserera ndi anzanu. Sabata yanga yoyamba ndinapita kukalembetsa komwe ndikukhala, Anmeldung ija yofunika kuchita pasanathe masiku 14 mutalowa m'nyumba, n'kumuuza mayi wa pa desiki kuti "Kannst du mir helfen?" (ungandithandize?) Nkhope inachita kuti thithithi ngati ndamutukwana. Munthu wamkulu aliyense wosamudziwa, dokotala, wapolisi, bwana kuntchito, ndi Sie basi: "Können Sie mir helfen?" Dikirani iyeyo anene yekha kuti "Wir können uns duzen" (tikhoza kumatchulana kuti du). Woyambitsa zimenezo ndi wamkulu, osati inu. Ndipo pomutchula mumati Herr kapena Frau n'kuwonjezera dzina la bambo wake, za "amayi" ndi "achimwene" zisiyeni ku Chileka.

Chachiwiri, moni wa kuno ndi waufupi. Guten Morgen m'mawa, Guten Tag masana, Guten Abend madzulo, zatha. Ku Hamburg muzimva "Moin" ngakhale usiku, ku München "Grüß Gott". Kuntchito nthawi ya nkhomaliro amangoti "Mahlzeit" akudutsa. Palibe wofunsa za ana, za kumudzi, kaya za mvula. Panyumba pomwe ndinkakhala poyamba panali bambo wina amene kwa zaka zitatu ankangogwedeza mutu pamasitepe. Ndinkalowa m'chipinda n'kulira, kuganiza kuti ndi khungu langali. Mwina linali khungu, mwina ayi, mpaka lero zimandipwetekabe. "Wie geht es Ihnen?" (muli bwanji?) musafunse aliyense wokumana naye, chifukwa ena amayankhadi, n'kukufotokozerani za msana wawo mpaka basi kukusiyani.

Popereka mkono yang'anani munthu m'maso. Kugwira chigongono, kugwada, kuzolika, kuno amaona ngati mukubisa kanthu.

Podzifotokoza: "Ich heiße…, ich komme aus Malawi" (dzina langa ndine…, ndimachokera ku Malawi). Konzekani kuyankhidwa kuti "Mali?" Pa mafomu, Name nthawi zambiri ndi dzina la bambo, Vorname ndiye lanu loyamba. Musasinthanitse. Chilimwe chikatentha nenani "Mir ist heiß" (ndikumva kutentha). Mukati "Ich bin heiß" mwanena zina zochititsa manyazi, funsani amene zinawachitikira.

Chachitatu n'chimene chandikwiyitsa mwezi uno. Mnyamata wina wakwathu anagogoderedwa pakhomo ndi munthu wovala bwino, anapatsana moni, iye n'kumangoti "ja, ja" mwaulemu wa kwathu uja. Mapeto ake anasayina mgwirizano wa intaneti wa miyezi 24. Lamulo limapereka masiku 14 oti ubweze mgwirizano wa pakhomo woterowo, amati Widerruf, koma iye anabwera kwa ine patatha mwezi. Choncho lowezani awa musanaloweze n'komwe Tschüss, mawu otsanzikira: "Ich verstehe nicht" (sindikumva). "Langsam, bitte" (pang'onopang'ono, chonde). "Ich unterschreibe heute nicht" (sindisayina lero). Kunena kuti sindikumva si kupusa.

Pa foni amayankha ndi dzina la bambo, potsanzika ndi "Auf Wiederhören" (tidzamvananso), osati "Auf Wiedersehen" (tidzaonananso), poti simukuonana.

Iwe mwana wanga, kumene ukupitako akakufunsa ngati ukufuna chakudya, uziti "Ja, bitte" (inde, chonde). Ine tsiku loyamba ndinangoti "Danke" (zikomo), osadziwa kuti kuno zimamveka ngati wakana, poyembekeza kuti andikakamiza kachiwiri monga tichitira kwathu. Anachotsa mbale, ndinagona ndi njala.