Kwa achemwali amene afunsa za kafukufuku wa mbewu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwamaliza digiri ya za ulimi ku Bunda ndipo mtima wanu uli pa kafukufuku wa m'labotale, koma anzanu akukugwetsani mphwayi kuti zimenezo n'za kunja, kuno kulibe zipangizo. Ine ndakhala m'labotale ya mbewu zaka zingapo, ndiye mundilole nditalikitseko.

Pitani ku Thyolo mukaone nthochi zogwidwa chisaka. Masamba amatuluka aang'onoang'ono, opyapyala, ataimirira njo pamwamba mothinana, m'mbali mwake muli chikasu. Mtengo wotero subereka. Kachilombo kake kamafala ndi nsabwe za nthochi, komanso ndi ife tomwe, tikapempha mphukira kwa mnansi n'kukabzala kwathu. Chopweteka n'chakuti mphukira imatha kuoneka yathanzi kachilombo kali kale m'kati. Diso silingaone. Pamafunika munthu wodziwa kudula kachidutswa ka tsamba, kukasinja, kuchotsamo DNA ndi kuyeza pa makina a PCR, amene amaonetsa ngati kachilomboko kalimo, kenako wina wodziwa kuchulukitsa mbande zopanda matenda m'mabotolo, zija amati tissue culture. Nthochi zambiri zimene tikudya m'matauni mwathu zikuchokera ku Tanzania, pamene kale Thyolo ndi Nkhata Bay ankadyetsa dziko. Ndiye wina anene kuti labotale n'za azungu? Mlimi amene anazula munda wake wonse akudikira munthu ngati inuyo.

Kokaphunzira kulipo, ndipo simufunikira kuwoloka nyanja. Ku Nairobi, labotale ya BecA-ILRI Hub kwa zaka zambiri inkalandira akatswiri ochokera m'mayiko a mu Africa kwa miyezi ingapo, aliyense atanyamula vuto la kwawo, n'kumagwiritsa ntchito makina amene kwawo kulibe. Ku Ghana kuli WACCI, sukulu yophunzitsa akatswiri opanga mitundu yatsopano ya mbewu, imene Pulofesa Eric Danquah anayambitsa mu 2007, ndipo ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa, kuli inzake ya ACCI, yomwe inayamba mu 2002. Chimene ndimakondera malo awiriwa ndi kaphunzitsidwe kake: umayamba m'kalasi, kenako umabwerera kwanu kukachita kafukufuku wa PhD pa mbewu za kwanu, m'nthaka ya kwanu, ndi mvula yake yomweyo yovutayo. Munthu wophunzira chonchi sabwera ndi nzeru zosagwira kuno. Popeza ndinu mayi, fufuzaninso za pulogalamu ya AWARD, imene kuyambira 2008 imalumikiza amayi ofufuza za ulimi ndi akatswiri akuluakulu owatsogolera. Mipatayi imatsegulidwa ndi kutsekedwa malinga ndi ndalama za opereka thandizo, choncho muzisuzumira pa masamba awo kawirikawiri, komanso pa tsamba la RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa ophunzitsa za ulimi.

Koma anzanuwo sakunama pa zonse, ndipo sindikubisirani. Tsiku lina magetsi anathima usiku wonse, jenereta ilibe dizilo. M'mawa ndinatsegula firiji n'kupeza timachubu timene ndinasonkhanitsa miyezi inayi titasungunuka, madzi ali chuchuchu pansi. Ndinakhala pampando osalankhula. Mankhwala oyezera timaitanitsa kunja, amatenga miyezi, nthawi zina amafika atatsala pang'ono kutha ntchito. Makina akawonongeka, wokonza amachokera ku South Africa kapena ku Kenya. Mayiko a mu Africa analonjeza kuika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ambiri sanafikepo. Apa m'pamene ambiri odziwa ntchito amatopa n'kuchoka, ndipo ine sindiwaweruza.

N'chifukwa chake ndimauza achinyamata kuti mukapeza mwayi, musangothamangira makina odula kwambiri. Khalani pafupi ndi matekinishani, anthu amene sawatchula pa miyambo koma ndi amene amayendetsa labotale. Afunseni mmene amasakanizira mankhwala okha, mmene amaumitsira masamba kuti asungike popanda firiji, chimene amayang'ana makina akayamba kuvuta. Phunziraninso kusanthula deta pa kompyuta, pulogalamu ya R ndi yaulere, komanso kulemba pempho la ndalama za kafukufuku. Luso limeneli ndi limene lidzakusungeni pa ntchito mukabwerako.

Gebisa Ejeta, mwana wa kumudzi ku Ethiopia, analandira World Food Prize mu 2009 chifukwa cha mapira opirira chilala ndi kaufiti, udzu womwewu umene umafoola chimanga m'minda mwathu. Anagwira vuto limodzi kwa zaka zambiri osalitaya.

Inunso sankhani lanu musanalembe kalata iliyonse: chisaka, chuku cha mtedza, ntchemberezandonda, kaya matenda a chinangwa kunyanja. Mukacheze ndi ofufuza a ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, muwafunse funso limene likuwasowetsa tulo chaka chino. Mukalemba tsamba limodzi lofotokoza zimene mukufuna kufufuza, nditumizireni ku inbox tikonzere limodzi.