Mafunso Anu: Kugona m'tenti pakati pa matanthwe a m'chipululu

Funso: Mwana wanga ali pasukulu ku Colorado, ku America, ndipo wandiitana mu Seputembala. Akuti tikagona m'tenti n'kukaona nyumba zakale za m'matanthwe ku Mesa Verde. Mawondo amandivutako. Ndikonzekere bwanji? Mayi wa ku Katoto, Mzuzu.

Yankho: Mayi, pitani ndithu, koma mwanayo agule matikiti msanga. M'nyumba zikuluzikuluzo munthu salowa yekha, amaperekezedwa ndi wogwira ntchito m'paki ya Mesa Verde, ndipo matikiti amayamba kugulitsidwa pa intaneti kutatsala masiku 14. Sachedwa kutha.

Pa nkhani ya mawondoyo, nyumba yotchedwa Balcony House muisiye. Kuti mufikemo mumakwera makwerero a mamita pafupifupi 10, ndipo potuluka mumakwawa m'kanjira kotalika mamita osakwana anayi, komwe m'lifupi mwake ndi masentimita 46 okha. Cliff Palace, nyumba ya zipinda pafupifupi 150 yomangidwa m'zaka za m'ma 1200, ili ndi makwerero aafupi, komabe chitunda chake n'chotopetsa. Mwendo ukakana, musadzikakamize: nyumbayi imaoneka bwino lomwe muli pamwamba, pamalo oonerapo a m'mbali mwa msewu.

Chomwe ambiri sachiganizira ndi kukwera kwa malowo. Mesa Verde ili pa mamita 2,100 mpaka 2,600, ngati ku Nyika, pomwe Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250. Mudzapuma mwawefuwefu pa kachitunda kakang'ono, choncho yendani pang'onopang'ono tsiku loyamba. Masana dzuwa limaswa mtengo, usiku kumazizira koopsa, ndiye tengani juzi yokhuthala, chipewa ndi kamatiresi koyala pansi, chifukwa chimene chimalanda thupi kutentha ndi nthaka. Madzi, malita anayi munthu mmodzi patsiku. Mpweya wake ndi wouma, thukuta limauma musanalione, ndipo mutu ukayamba kupweteka ndiye kuti mwachedwa kale kumwa. Ku Morefield, malo ogona m'tenti a m'pakimo, chakudya muzitsekera m'galimoto, kumabwera zimbalangondo.

Eni nyumbazi anasamuka chaka cha 1300 chisanafike, m'nyengo ya chilala chachikulu, ndipo zidzukulu zawo, monga a mtundu wa Hopi, zilipo mpaka lero. Kwa iwo amenewa ndi malo a makolo. Musakhale pa khoma, musatsamire, ndipo phale mukaliona pansi lisiyeni pomwepo. Kutola ndi mlandu.

Funso: Ine ndi anzanga tikufuna kukagona ku Spitzkoppe, ku Namibia. Tenti timanga bwanji pamwala? Mnyamata wa ku Luwinga.

Yankho: Achimwene, zikhomo sizilowa pathanthwe, ndipo mumchenga zimazuka mphepo ikawomba. Tengani zingwe zowonjezera za mamita atatu, mumange chilichonse pakamwala kakang'ono, n'kupsinja chingwecho ndi mwala waukulu kutsogolo kwake. Mumchenga kwirirani chikhomo chogonetsa, kuya kwake masentimita 30. Musamange m'khwawa louma ngakhale pali mchenga wofewa bwanji. Mvula ikagwa kutali, mwala sumwa madzi, onse amathamangira m'khwawamo inu muli mtulo.

Pamalo ogonawo palibe mpope, choncho dzazani zigubu ku Usakos kapena ku Swakopmund musanakhote kulowa msewu wafumbi. Nsapato muzikutumula m'mawa musanavale, zinkhanira zimakonda kubisalamo.